Dokotala asachite manyazi kutumiza wokalamba ku tai chi

Kuchokera pamene magazini ya zachipatala ya ku America yotchedwa Annals of Internal Medicine idasindikiza, chakumapeto kwa chaka cha 2023, zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti okalamba ochita tai chi, masewera a ku China oyendetsa thupi pang'onopang'ono, amakhoza bwino mayeso a kukumbukira ndi kuganiza, mtsutso wakale wabukanso pakati pa anthu a zaumoyo. Mbali ina ikunena kuti nthawi yakwana yoti dokotala azitha kuuza munthu amene wayamba kuiwalaiwala kuti akalowe m'gulu la tai chi kapena la masewera ofanana nayo otchedwa qigong, monga momwe amamuuzira kuti achepetse mchere m'ndiwo. Mbali inayo ikuti uku n'kulowetsa mozemba zikhulupiriro za ku China m'chipinda cha dokotala, ndipo kuti ubongo umene wayamba kufooka sungabwerere mwakale chifukwa choyendetsa manja m'malere. Ine ndaima ndi mbali yoyamba. Maganizo anga ndi akuti tai chi ndi qigong ziyenera kuwerengedwa m'gulu la njira zenizeni zotetezera ubongo wa munthu wachikulire, ziziphunzitsidwa poyera kumene okalamba amasonkhana, ndipo azaumoyo azizilimbikitsa popanda manyazi. Koma izi zichitike pa chifukwa choyenera, chomwe ndi chakuti masewerawa amapatsa ntchito thupi, chidwi ndi kukumbukira nthawi imodzi, osati chifukwa cha mphamvu ina yobisika imene ena amati ili m'menemo.

Nkhaniyi ndimaitenga ngati yanga chifukwa matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatcha dementia, ndidawaonera m'nyumba. Azakhali anga, mayi amene ankadziwa pamtima tsiku lobadwa la mwana aliyense wa m'banja mwathu, adayamba ndi kusiya ndiwo pamoto mpaka kupserera, kenaka ankafunsa funso limodzi katatu nsima isanathe m'mbale, ndipo tsiku lina adapezeka mbandakucha ataima pabwalo la eni ake, chitenje chili m'manja, njira yobwerera kwawo itawasokonekera. Amene amadziwa midzi yathu akudziwa zimene anthu amanong'onezana akapeza gogo pakhomo la wina usiku. Ife tidachita mwayi kuti eni khomolo adali anthu achifundo ndipo adangowaperekeza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu amene ali ndi matendawa ndi opitirira 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, kumene mankhwala okwera mtengo safika. Choncho funso lakuti wokalamba angachite chiyani ndi thupi lake, popanda ndalama, kuti ubongo uchedwe kufooka, likutikhudza ifenso monga momwe likukhudzira anthu a ku Beijing ku China ndi a ku Oregon ku America.

Tisanaweruze, tidziwe kaye chimene tikukambirana. Tai chi idayamba ngati luso lodzitetezera pa ndewu m'mudzi wa Chenjiagou, m'chigawo cha Henan, m'zaka za m'ma 1600, ndipo banja la Chen lidaisunga ngati chuma cha pamtundu mpaka pamene Yang Luchan, amene adabadwa mu 1799, adaiphunzira n'kukaiphunzitsa ku Beijing. Mu 1956 boma la China lidafupikitsa mayendedwe ambirimbiri aja n'kutsala ndi 24 oti munthu wamba aziwatsiriza m'mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo amenewa ndiwo okalamba ambiri amachita m'mapaki a m'mizinda ya kumeneko dzuwa likamatuluka. Mu Disembala 2020 bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Mizu ya qigong ndi yakale kuposa pamenepo: m'manda a ku Mawangdui, amene adatsekedwa m'chaka cha 168 BC, mudapezeka nsalu yojambulidwa anthu 44 akudziwongola ndi kupinda matupi mosiyanasiyana. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakuti qigong imabwereza kachitidwe kamodzi kangapo munthu ataima malo amodzi, pamene tai chi imalumikiza mayendedwe ambiri kukhala ulendo umodzi wosadukiza. Mtundu wodziwika wa qigong wotchedwa baduanjin uli ndi zigawo 8 zokha, ndipo ngakhale wodwala amene sangathe kuima amatha kuchita zina mwa izo atakhala pampando.

Munthu woonera patali amaganiza kuti palibe chimene chikuchitika, chifukwa zonse zimayenda mwa kayendedwe ka nanzikambe. Koma yesani sitepe imodzi yokha. Pindani mawondo pang'ono, samutsirani kulemera konse kwa thupi pa mwendo wakumanja, kenaka nyamulani phazi lakumanzere mosafulumira, muliike kutsogolo motsogoza chidendene, ndipo musalitsamire mpaka litakhazikika pansi. Pa nthawi yomweyo chiuno chikutembenuka, dzanja limodzi likukwera kufika paphewa, linalo likutsikira pantchafu, maso akutsatira chikhatho chimene chili m'mwamba, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono, ndipo mutu ukuyenera kukumbukira chimene chikubwera pambuyo pake. Tsiku limene ndidayesa koyamba, ntchafu zidayamba kunjenjemera mphindi zitatu zisanakwane, ndipo ndidazindikira kuti maganizo akangothawira ku ngongole kapena ku ntchito, phazi limatera polakwika nthawi yomweyo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Tikamayenda mwamsanga, liwiro limabisa kudzandira kwathu, ndipo miyendo imadziyendera yokha mutu uli kwina. Kuyenda pang'onopang'ono kumachotsa pobisalira pamenepo, n'kukakamiza ubongo kumvetsera uthenga wochokera kumapazi, m'mfundo za thupi, m'maso ndi m'kati mwa khutu, mmene muli kachiwalo kotithandiza kuima osagwa, kwinaku ukusunga dongosolo lonse la mayendedwe. Ubongo umene ukusenzetsedwa ntchito yotere kawiri kapena katatu pamlungu sukhala wongogona.

Tsopano tione umboni. Kafukufuku wa 2023 uja adatsogoleredwa ndi Fuzhong Li wa ku Oregon Research Institute, ndipo adatenga anthu 318 a zaka 65 kupita m'tsogolo amene adali atayamba kale kuvutika ndi kukumbukira. Adawagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba linkangodziwongola thupi, lachiwiri linkachita tai chi wamba, ndipo lachitatu linkachita tai chi yowonjezerapo ntchito ya m'mutu, monga kutchula zilembo za liwu kuyambira kumapeto thupi likuyenda. Onse ankaphunzira ali m'nyumba zawo kudzera pa intaneti, ola limodzi kawiri pamlungu, kwa milungu 24. Muyeso wake udali mayeso otchedwa MoCA, a malikisi 30, mmene munthu amajambula wotchi, amachotsera 7 pa 100 mobwerezabwereza, ndiponso amatchula mawu asanu amene adauzidwa mphindi zingapo zapitazo. Gulu lachitatu lidaposa lodziwongola lija ndi malikisi 2.8, lidaposa la tai chi wamba ndi 1.5, ndipo phindulo lidali likuonekabe atawayezanso pa mlungu wa 48. Malikisi atatu angaoneke ochepa, koma pa mayeso amene wopeza 26 amaonedwa kuti ali bwino pamene wopeza 23 amadetsa nkhawa dokotala, si chinthu chochinyoza. Izi zisanachitike, mu 2012, ofufuza a ku University of South Florida ndi Fudan University adafalitsa zimene adapeza atajambula ubongo wa okalamba 120 a ku Shanghai ndi makina a MRI, poyamba ndiponso patatha milungu 40. Pa msinkhu umenewu ubongo umanka nuchepa chaka ndi chaka, koma wa amene ankachita tai chi katatu pamlungu udakula pang'ono. Pa qigong umboni ndi wocheperako, ndipo ndiyenera kunena zimenezi poyera. Komabe kafukufuku wa milungu 12 wa ku Fujian adapeza kuti ochita baduanjin, mofanana ndi ochita tai chi, adakhoza bwino mayeso a kukumbukira kuposa amene sadapatsidwe masewera.

Otsutsa oyamba ndi akatswiri a kafukufuku, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Iwo amati kafukufuku wambiri wa tai chi amatenga anthu ochepa kwa miyezi yochepa, pamene dementia imatenga zaka kuti ikule. Amatinso simungam'bisire munthu kuti akuchita tai chi monga momwe mumabisira piritsi lenileni pakati pa mapiritsi a ufa, choncho chiyembekezo cha wodwala chingathe kukweza malikisi. Amakumbutsanso kuti Andrew Vickers ndi anzake adasonyeza mu 1998 kuti pafupifupi kafukufuku aliyense wa zamankhwala wochokera ku China pa nthawiyo ankapeza kuti chithandizo choyesedwacho chikugwira ntchito, zimene zimakayikitsa munthu aliyense woganiza. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti tai chi imaletsa dementia. Komabe mfundoyi siifika pamene eni ake amafuna kuti ifike. Choyamba, kafukufuku wolimba kwambiri pa nkhaniyi adachitikira ku America, kuphatikizapo wa odwala 195 a Parkinson, matenda a mu ubongo onjenjemeretsa thupi, wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2012, amene adapeza kuti tai chi idawathandiza kuima mokhazikika kuposa kunyamula zolemera ndi kudziwongola. Chachiwiri, m'kafukufuku wa ku Oregon magulu oyerekezera nawo sadangokhala manja lende. Nawonso adali ndi mphunzitsi, anzawo ndi maola ofanana, ndipo tai chi idawaposabe. Chachitatu, kuchuluka kwa umboni umene timafuna kuyenera kulingana ndi mtengo ndi kuopsa kwa chinthucho. Mankhwala atsopano a Alzheimer, mtundu wofala wa dementia, otchedwa lecanemab adayamba kugulitsidwa ku America pa madola 26,500 pachaka, amaperekedwa kudzera m'diripi milungu iwiri iliyonse, amafuna kujambula ubongo pafupipafupi poopa kutupa, ndipo amachedwetsa kufooka ndi 27 peresenti pa miyezi 18. Mu 2024 bungwe la NICE, lounika mankhwala oyenera kuperekedwa m'zipatala za boma ku England, lidati phindu lake silikulingana ndi mtengo wake. Chinthu chotere n'choyeneradi kuchipanikiza ndi mafunso. Koma masewera ongofuna bwalo losesa bwino ndi theka la ola, amene vuto lake lodziwika ndi kuphwanya kwa thupi m'masiku oyamba, sitingawaimike zaka makumi awiri podikira umboni wotheratu pamene anthu amene akanapindula nawo akukalamba lero.

Gulu lachiwiri la otsutsa limavomereza kuti phindu lilipo, koma limati ndi phindu la masewera olimbitsa thupi alionse, ndipo munthu angoyenda ndawala mphindi 30 patsiku osadzivutitsa ndi mayina achilendo. Kwathu kuno mfundo yomweyi imabwera m'njira ina: gogo amene amalima, kutola nkhuni ndi kusenza ndowa pamutu akusowanso masewera anji? Kuyenda n'kwabwino, ndipo palibe amene akuti kusiyidwe. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pamlungu za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono. Koma malangizo omwewo a mu 2020 amawonjezera kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichitanso, masiku atatu kapena kuposerapo pamlungu, masewera ophunzitsa thupi kukhazikika ndi kulimba, ndipo kuyenda kokha sikukwaniritsa zimenezo. Kulima nakonso sikukwaniritsa, pakuti khasu limagwiritsa ntchito minofu yomweyomweyo m'njira imene thupi lidazolowera kuyambira ubwana, moti mutu suphunziranso kanthu katsopano. Limatopetsa msana, koma siliphunzitsa mwendo umodzi kunyamula thupi lonse mosatekeseka. Komanso tisadzinamize kuti okalamba onse ali kumunda. Ambiri ali ku Ndirande, ku Kawale, ku Chawama, kapena m'nyumba za ana awo ku Johannesburg ndi ku London, atakhala pampando tsiku lonse moyang'anizana ndi TV, ndipo mawondo awo sangalolenso ndawala. Amenewa akufunika masewera amene angathe kuwayamba ndi thupi limene ali nalo lero, ndiponso amene sangawaleke pakatha milungu iwiri.

Pali chinanso chimene mfundo yakuti masewera onse ndi amodzi imaphonya, ndicho njira zozungulira zimene ubongo umawonongekera. Gulu la akatswiri la magazini ya Lancet, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston, lidatchula mu 2024 zinthu 14 zimene, zitapewedwa, zingaletse kapena kuchedwetsa pafupifupi 45 peresenti ya dementia, ndipo pakati pake pali BP yokwera, shuga, kuvulala m'mutu, matenda ovutika maganizo, kusachita masewera ndi kukhala wekhawekha. Tai chi imakhudza zingapo mwa izi nthawi imodzi. Tiyambe ndi kugwa. Wokalamba akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno amagona pamphasa miyezi, amasiya kupita kutchalitchi ndi kumaliro, odzamuzonda amanka nachepa, ndipo mabanja ambiri amachitira umboni kuti mutu udayamba kusokonekera kuchokera pamenepo. Mu 2018 Li ndi anzake adafalitsa zotsatira za anthu 670 a zaka 70 kupita m'tsogolo amene adali pachiopsezo cha kugwa: kugwa kudachepa ndi 58 peresenti mwa ochita tai chi poyerekeza ndi ongodziwongola, komanso ndi 31 peresenti poyerekeza ndi ochita masewera osakaniza. Kafukufuku wosiyanasiyana akaphatikizidwa, monga bungwe lounika kafukufuku wa zachipatala la Cochrane lidachitira mu 2019, chiwerengerocho chimatsika kufika cha m'ma 20 peresenti, chimene n'chochepa kuposa cha ku Oregon, komabe chikutanthauza munthu mmodzi mwa asanu alionse amene akanagwa. Pa BP, kafukufuku wa ku China wofalitsidwa mu JAMA Network Open mu 2024 adayerekeza tai chi ndi masewera othamangitsa mtima mwa anthu 342 amene BP yawo idali itayamba kukwera, ndipo patatha chaka nambala yam'mwamba idatsika ndi 7 mwa a tai chi ndi 4.6 mwa enawo. BP yokwera imawononga mwakachetechete timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, ndipo ndiyo imabweretsa sitiroko imene ambirife taiona ikupha ziwalo za abale athu.

Ndiyenera kubwereranso ku kafukufuku wa ku Shanghai, chifukwa muli mfundo imene okonda tai chi ena amaidumpha. M'kafukufukuyo mudalinso magulu ena, ndipo gulu limene linkangokumana katatu pamlungu kukambirana nkhani nalonso lidapezeka ndi ubongo wokulirapo, pamene gulu loyenda silidasinthe moonekera. Wotsutsa angatenge izi n'kunena kuti ndiye kuti chinsinsi chonse ndi kucheza. Ine ndikuona kuti zikusonyeza kuti ubongo umadyetsedwa ndi zinthu zingapo, ndipo chanzeru n'kusankha chimene chimaphatikiza zambiri mwa izo. Gulu la tai chi limakumana pa nthawi yodziwika, aliyense amayang'ana mnzake kuti asasochere pa mayendedwe, wojomba amafunsidwa mawa lake kuti adali kuti, ndipo akamaliza amakhala pansi n'kucheza. Mayi wamasiye amene ana ake adapita kutauni amapeza chifukwa chodzukira, kusamba ndi kutuluka m'nyumba. Kupuma kozama ndi kodekha kumene masewerawa amaphunzitsa kumakhazikanso mtima pansi, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya UCLA ku America otsogoleredwa ndi Michael Irwin adapeza kuti tai chi imathandiza anthu osowa tulo kugona bwino. Aliyense amene adasamalirapo wokalamba akudziwa mmene mutu wake umakhalira m'mawa ngati usiku wonse wangokhalira kutembenuka.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandipweteka kwambiri, chifukwa olakwa ake ndi a mbali yanga yomwe. Aphunzitsi akale amafotokoza masewerawa ponena za qi, mphamvu imene amati imayenda m'njira zosaoneka za m'thupi, ndipo palibe makina kapena mpeni wa dokotala umene udapezapo njira zimenezo. Choipa koposa n'chakuti m'zaka za m'ma 1980 ku China kudabuka anthu odzitcha akatswiri a qigong amene ankadzaza mabwalo a masewera, kulonjeza kuchiritsa matenda aakulu ndi kutumiza mphamvu kwa odwala ali kutali, ndipo anthu ambiri adadyeredwa masuku pamutu. Mu 2017, mumzinda wa Chengdu, womenya nkhonya Xu Xiaodong adagwetsa m'masekondi ochepa Wei Lei, amene ankadzitama kuti ndi katswiri wa tai chi, ndipo kanema wake adafala dziko lonse. Wokayikira akafunsa kuti tikhulupirire bwanji chinthu cha mbiri yotere, akufunsa zomveka. Yankho langa ndi lakuti kafotokozedwe kolakwika sikachotsa phindu lenileni. Makolo a ku China adagwiritsa ntchito chitsamba cha qinghao pochiza malungo kwa zaka mazana ambiri ali ndi zifukwa zawo zimene sayansi siivomereza. Tu Youyou atachifufuza adatulutsamo artemisinin, adalandira mphoto ya Nobel mu 2015, ndipo mankhwala a LA amene timapatsa ana athu akadwala malungo amachokera mmenemo. Palibe mayi amene amafunsidwa kukhulupirira nzeru zakale za ku China asanamwetse mwana wake LA. Chimodzimodzinso, mayeso a MoCA sadafunse munthu aliyense ngati amakhulupirira qi. Kugonja kwa Wei Lei kudatsimikiza kuti iye sankadziwa kumenya. Chimene gogo akufuna ndi kukafika kuchimbudzi usiku osagwa, ndipo nkhonya za ku Chengdu sizidayese zimenezo.

Chachinayi chimachokera kwa anthu opemphera, ndipo sindichipeputsa. Akhristu ndi Asilamu ena amaona kuti popeza dzina lakuti tai chi limachokera ku chiphunzitso cha yin ndi yang, chonena za mphamvu ziwiri zosiyana koma zodalirana, ndipo mbiri yake yalukanalukana ndi chipembedzo cha ku China cha Chitao, munthu wochita masewerawa akutsegulira khomo mizimu yachilendo. Chikumbumtima cha munthu n'chake, ndipo amene mtima wake ukukana asakakamizidwe. Ayende, avine, achite masewera ena okhazikitsa thupi. Koma ndikupempha kuti tiweruze poona zimene zimachitika m'kalasi lenileni la zaumoyo. Mulibe pemphero, mulibe nsembe, mulibe dzina la mulungu wina lotchulidwa. Muli kusamutsa thupi kuchoka pa mwendo wina kupita pa unzake ndi kupuma modekha. Mayendedwe 24 aja adakonzedwa ndi komiti ya zamasewera ya boma lachikomyunizimu limene silinkafuna n'komwe za chipembedzo, ndipo pulogalamu ya ku Oregon idawachepetsanso kufika pa 8. Masewera a Olimpiki adayamba ngati mwambo wolemekeza Zeus ku Greece, koma mipingo yathu siidzudzula mwana wake chifukwa chothamanga mamita 100. Ngati mphunzitsi wina ayamba kulowetsamo zolambira kapena malonjezo a machiritso ozizwitsa, wophunzira anyamuke n'kukafuna mphunzitsi wina, ndipo ndingamulimbikitse kutero pa zifukwa zonse ziwiri, za chikhulupiriro ndi za sayansi.

Ena amati tili ndi magule athu, nanga za ku China n'zachiyani. Apa ndikuvomereza gawo lalikulu. Kuvina kumafunanso kukumbukira masitepe, kumvera ng'oma ndi kuyendera limodzi ndi anzako, ndipo gogo amene akuthabe kulowa m'bwalo la chimtali kapena chioda asaletsedwe. Vuto ndi lakuti magule athu ambiri amafuna chiuno chofewa, mawondo olimba ndi liwiro, ndipo amabwera pa ukwati kapena pa chikondwerero, pamene ubongo ukufuna chinthu chobwera mlungu ndi mlungu. Tai chi idasinthidwa kale kuti igwirizane ndi thupi lofooka, ndipo idayesedwa mwa anthu a zaka za m'ma 70 ndi 80. Ndingasangalale kwambiri kuona ofufuza a m'mayunivesite athu akutenga gule wathu, kumuchepetsa liwiro ndi kumuyesa momwemo. Podikira zimenezo, kukana chinthu chothandiza chifukwa cha kumene chidachokera n'kudzimana, pakuti ngakhale chimanga chimene timati ndi chathu chidachokera ku Mexico.

Chotsutsa chomaliza ndikuchilandira chonse ngati chenjezo. Pali mantha akuti anthu akamva kuti tai chi imathandiza ubongo adzasiya mapiritsi a BP kapena a shuga, kapena adzachedwa kupita kuchipatala kuiwala kukayamba. Manthawa ndi oyenera, chifukwa kuiwala kwina kumayamba ndi zinthu zimene achipatala angathe kuthandizapo, monga kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, matenda ovutika maganizo, HIV, chindoko chakale kapena mankhwala ena amene munthu akumwa, ndipo amene angataye miyezi akuyendetsa manja m'malo mokayezetsa wadzilakwira. Tai chi siichotsa Alzheimer imene yakhazikika kale, ndipo azakhali anga, pa nthawi imene ankasochera usiku, sikadawabwezera njira ya kwawo. Nthawi yake idali zaka khumi m'mbuyomo, pamene ankangodandaula kuti mayina akuwathawa ndipo BP yawo idali itangoyamba kukwera. Komabe yankho la manthawa ndi kuika masewerawa m'manja mwa azaumoyo, chifukwa dokotala akakana kulankhulapo, wodwala amakamva kwa wamalonda wa pa Facebook amene angamuuze kuti ataye mapiritsi. Namwino yemweyo amene akuyeza BP ndi kupereka mankhwala ndiye woyenera kunena kuti, "Agogo, mapiritsiwa muzimwa tsiku lililonse, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu muzibwera pamthunzi paja tidzachite masewera."

Zofunika kuti izi zitheke si zambiri. Madokotala a fizo ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi angathe kuphunzitsidwa zigawo 8 za baduanjin kapena mayendedwe 8 a ku Oregon, iwonso n'kumaphunzitsa ena. Malo alipo kale: holo ya tchalitchi pakati pa mlungu, bwalo la sukulu ana akaweruka, khonde la kiliniki pa tsiku la odwala BP ndi shuga, pamene anthu amakhala pabenchi maola ambiri akudikira kuitanidwa. Kafukufuku wa 2023 adasonyeza kuti kuphunzira kudzera pa intaneti n'kotheka, ngakhale kuti wokalamba wodzandira ndi bwino poyamba pakhale munthu womuyang'anira. Woyamba kumene ayambe ndi mphindi 10, ataima pafupi ndi khoma kapena atagwira mpando wolimba, pamalo posaterera, asapinde mawondo kwambiri, ndipo akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa aime n'kukauza achipatala. Akazolowera aziwonjezerapo ntchito ya m'mutu ija, monga kutchula miyezi ya pachaka kuyambira Disembala kubwerera m'mbuyo, kapena mayina a zidzukulu kuyambira wamng'ono kufika wamkulu, phazi likutera pachidendene. Ku Oregon phindu lidayezedwa patatha milungu 24 ya kukumana kawiri pamlungu, choncho gulu lililonse limene likuyamba lipangane tsiku loyamba lomwe kuti lidzakumana kwa miyezi isanu ndi umodzi lisanaweruze ngati masewerawa akuthandiza.